Chithokomiro choondetsa: momwe mbira za ku New Zealand zinaululira gwero lake

Nkhani ya lero ndi ya mbiri, ndipo ndi yaitali pang'ono, choncho khalani bwino. Amayi oyembekezera ndi amene muli ndi m'bale wotupa pakhosi, inu makamaka musailumphe.

Tikamva mawu oti chithokomiro, ambirife timaganiza za chotupa cha pakhosi chobwera chifukwa chosowa ayodini m'zakudya, chija alangizi a zaumoyo amatiuzira kuti tizigula mchere wa m'paketi wothira ayodini. Zimenezo n'zoona, ndipo mcherewo musausiye. Koma pali mtundu wina wa matenda a chithokomiro umene mchere sungauchize. Mayi amadya nsima yoposa ya aliyense pakhomo koma akungoonda. Mtima umathamanga ngakhale atangokhala pamphasa. Manja amanjenjemera moti kulowetsa ulusi pasingano kumamukanika, thukuta limatuluka ngakhale mu June anzake atafunda mabulangete, tulo sabwera, ndipo amapsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Ena maso amatong'oka ngati munthu amene wadzidzimuka. Pamudzi anthu amayamba kunong'onezana, uyu akuti ndi TB, uyo akuti ndi kachilombo, wina akuti walodzedwa. Madokotala amatcha matendawa Graves, ndipo amagwira azimayi kwambiri kuposa azibambo. Kuchokera pamene dokotala woyamba analemba bwino za matendawa, panapita zaka 170 kuti gwero lake liyambe kuoneka.

Tiyambe ndi chiwalo chenichenicho. Chithokomiro aliyense ali nacho, sikuti ndi dzina la chotupa chokha. Ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe, kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Kamatenga ayodini m'magazi n'kupanga mahomoni amene amalamula liwiro la thupi lonse: kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi, kagayidwe ka chakudya, ngakhale kakulidwe ka ubongo wa mwana. Tinganene kuti ndi amene amasonkhezera moto pamafuwa. Akachepetsa nkhuni, munthu amamva kuzizira, amafooka ndi kunenepa. Akachulutsa, mphika umasefukira. Koma wosonkhezerayu sadzilamulira yekha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kena kakang'ono ngati nsawawa, kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza mthenga kudzera m'magazi. Mthengayo ndi homoni yotchedwa TSH. Mahomoni a chithokomiro akachepa, pituitary imatumiza TSH yambiri. Akakwana, imachepetsa. Sungani zimenezi m'mutu chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Mu 1786, mumzinda wa Bath ku England, dokotala Caleb Parry anaona mayi wa zaka 37 amene mtima wake unkagunda mwamphamvu, khosi litatupa, maso atatuluka. Chotupacho chinayamba patangopita miyezi yochepa atabereka, adakali kuyamwitsa. Parry anaganiza kuti vuto ndi la mtima. Zimene analemba zinasindikizidwa mu 1825, iye atamwalira kale. Mu 1835 Robert Graves wa ku Dublin anafotokoza za azimayi ena odwala chimodzimodzi, ndipo mu 1840 Carl von Basedow wa ku Merseburg ku Germany anachitanso zomwezo. N'chifukwa chake mayiko olankhula Chingerezi amati matenda a Graves pamene ku Germany amati a Basedow. Parry, amene anayamba, dzina lake silinamveke. Kwa zaka zambiri madokotala ankati gwero ndi mtima, kapena mitsempha, kapena mantha ndi chisoni cha azimayi. Munali mu 1886 pamene Paul Möbius wa ku Leipzig ananena molimba mtima kuti vuto lili m'chithokomiro momwemo, kuti chikutulutsa zochuluka.

Chithandizo chinabwera anthu asanamvetse gwero. Theodor Kocher wa ku Bern anakonza njira yochitira opareshoni ya chithokomiro mosapha wodwala, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1909. Mu 1941 Saul Hertz wa ku Boston anayamba kuchiza odwala ndi ayodini wapadera wotulutsa cheza, amene amakalowa m'chithokomiro n'kuchiwotcha pang'onopang'ono. Mu 1943 Edwin Astwood anasonyeza kuti pali mankhwala akumwa oletsa chithokomiro kupanga mahomoni, ndipo carbimazole ndi PTU amene odwala amamwa lero ndi a banja lomwelo. Koma funso linatsala: n'chiyani chikukwapula chithokomiro kuti chizithamanga chonchi?

Yankho limene ambiri ankalikhulupirira linali losavuta. TSH inali itadziwika kuyambira cha m'ma 1929, ndiye anthu anati pituitary ndi imene yasokonekera, ikutumiza amithenga ochuluka. Kuti atsimikize anafunika kuyeza TSH m'magazi a odwala, ndipo pa nthawiyo panalibe makina ochitira zimenezi. Apa ndi pamene mbira zikulowa m'nkhani, mbira zomwe zija ana amaweta m'khitchini n'kumazithyolera udzu.

Dziko la New Zealand linali ndi vuto lalikulu la zotupa za pakhosi chifukwa nthaka yake ili ndi ayodini wochepa, choncho pa yunivesite ya Otago mumzinda wa Dunedin panali gulu lofufuza za chithokomiro. Awiri mwa iwo anali Herbert Purves ndi dokotala wachinyamata Duncan Adams. Njira yawo inali yotere. Ankabaya mbira ayodini wotulutsa cheza uja, n'kudikira kuti akaunjikane m'chithokomiro cha mbirayo. Ankaipatsanso mahomoni kuti pituitary yake ikhale chete. Kenako ankaibaya madzi a m'magazi a munthu. Ngati m'madzimo muli TSH, chithokomiro cha mbira chinkadzidzimuka n'kutulutsa ayodini uja m'magazi, ndipo makina ankawerenga kuchuluka kwake. TSH imagwira ntchito mwachangu: pakatha maola awiri kapena atatu mphamvu yake imafika pachimake, kenako n'kuzilala.

Atabaya mbira magazi a wodwala Graves, anaona zosayembekezeka. Chithokomiro cha mbira chinachedwa kuyankha, ndipo chitayamba sichinafune kusiya. Chinapitirira maola ambiri, nthawi imene TSH ikanakhala itatha kalekale. Wina akanati mwina mbirayo inadwala, kapena botolo linali lakuda, n'kutaya zotsatirazo. Iwo sanataye. Anabwereza, ndipo mu 1956 analemba kalipoti kakafupi m'kabuku ka sukulu yawo ya udokotala, kunena kuti m'magazi a odwalawa muli chinthu china chimene si TSH. Kwa ine apa ndi pamene pali ulemu wa anthu awiriwa. Ankafuna chinthu china, anapeza china, ndipo anakhulupirira zimene mbira inasonyeza kuposa zimene mabuku ankanena.

Mu 1958 J. Maxwell McKenzie anasintha njirayi kuti izichitika ndi mbewa, zimene n'zotsika mtengo ndipo zimafuna magazi ochepa, choncho malabotale ambiri anayamba kuyeza. Chinthu chosadziwikacho anachipatsa dzina lachidule loti LATS, kutanthauza chosonkhezera chithokomiro kwa nthawi yaitali. Dzinalo linkangofotokoza khalidwe lake, chifukwa palibe ankadziwa kuti ndi chiyani.

Chaka chomwecho cha 1956 kunachitikanso zinthu zina zimene zinathandiza. Kuyambira nthawi ya Paul Ehrlich, cha m'ma 1900, asayansi ambiri ankakhulupirira kuti chitetezo cha m'thupi sichingaukire thupi la mwini wake. Ma antibody ndi timapuloteni timene asilikali a m'thupi amapanga kuti tikamatirire pa kachilombo. Ndi omwe aja mwana amapanga akabayidwa katemera wa chikuku. Aliyense amapangidwa kuti agwire chinthu chimodzi chokha. Ndiye mu 1956 Noel Rose ndi Ernst Witebsky ku Buffalo, ku America, anachititsa akalulu kupanga ma antibody olimbana ndi chithokomiro chawo chomwe. Ku London, Deborah Doniach ndi Ivan Roitt anapeza ma antibody otere m'magazi a anthu odwala matenda ena a chithokomiro otchedwa Hashimoto. Chikhulupiriro cha zaka 50 chinagwa m'chaka chimodzi, ndipo umboni wonse unachokera ku kachiwalo kamodzi ka pakhosi. Mu 1964 Joseph Kriss ndi anzake ku Stanford anasonyeza kuti LATS nayonso ndi antibody, ya mtundu wotchedwa IgG.

Chodabwitsa chinali chakuti ma antibody amadziwika ndi kuwononga, koma awa sankawononga. Ankalamula chithokomiro kugwira ntchito. Kuti timvetse, ganizirani loko ndi kiyi. Pa khungu la selo lililonse la chithokomiro pali timaloko timene asayansi amatitcha receptor. TSH ndi kiyi wake. Kiyi akalowa, selo limayamba kupanga mahomoni, kiyi akachoka limapuma. Antibody ya Graves ili ngati kiyi wosula mwakuba amene amakwana mu loko yemweyo, n'kutsegula, n'kukakamira momwemo. TSH imatha m'magazi pasanathe maola ochepa, pamene IgG imakhala masabata. Ndiye chifukwa chake mbira za ku Dunedin sizinkasiya msanga. Pituitary imaona kuti mahomoni achuluka ndipo imasiya kutumiza TSH, koma sizithandiza chifukwa wotsegula chitseko si mthenga wake. Taonani mmene zinatembenukira: ofufuza ankayembekeza kupeza TSH yochuluka, koma lero tikayeza magazi a wodwala Graves timapeza TSH yotsika kwambiri, mwina yosaoneka n'komwe. Pituitary imene ankaiimba mlandu inali yosalakwa.

Sikuti onse anavomereza nthawi yomweyo. Otsutsa anali ndi mfundo yomveka: odwala Graves ambiri akayezedwa ndi mbewa, LATS sinkapezeka. Ngati ndiyo gwero, bwanji palibe mwa odwala ena, ngakhale odwalitsitsa? Mu 1967 Adams ndi mnzake Kennedy anapeza yankho. Odwala ambiri ali ndi ma antibody amene amakwana mu loko wa munthu koma osakwana mu loko wa mbewa. Vuto linali la mbewa, osati la mfundo. Kuti atseke pakamwa otsutsa, mu 1974 gulu la ku Dunedin linalowetsa madzi a m'magazi a odwala otere m'mitsempha ya anthu athanzi odzipereka, ndipo zithokomiro zawo zinayamba kutulutsa mahomoni. Kafukufuku wotere lero sangaloledwe, podziwa matenda amene amayenda m'magazi.

Chaka chomwecho cha 1974, Bernard Rees Smith ndi Reginald Hall ku Newcastle anachotsa nyama zamoyo m'nkhaniyi. Anatenga tizidutswa ta chithokomiro tokhala ndi timaloko tija, n'kuthira TSH yoikidwa chizindikiro pamodzi ndi ma antibody a wodwala. Ma antibody analanda malo, TSH n'kusowa pokhala. Umenewu unali umboni wakuti ziwirizi zimalimbirana loko mmodzi, komanso inali njira yoyezera m'botolo popanda khola la mbewa. Kuyeza kumene lero kumatchedwa TRAb kunabadwira pamenepa.

Loko weniweniyo anali asanaonedwe bwino. Timaloko timeneti ndi tochepa kwambiri pa selo, ndipo tikachotsedwa pamalo pake timaphwanyika msanga. Mu 1989 gulu la Gilbert Vassart ku Brussels, ndi magulu ena ku San Francisco ndi Paris pa nthawi yomweyo, anapeza malangizo a m'thupi opangira loko ameneyu. Kuyambira pamenepo asayansi anatha kumeretsa maselo mu labotale okhala ndi timaloko tambirimbiri, n'kumayezera pamenepo.

Apa pali chinthu chokoma: ma antibody, amene anali mdani, anasanduka chida. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge anali atapeza njira yopangira antibody ya mtundu umodzi yochuluka mmene ungafunire. Ofufuza anayamba kupanga ma antibody ogwira loko wa TSH yekha, n'kuwamangirira utoto kapena kuwala. Ukathira pa kachidutswa ka mnofu n'kuyang'ana pa maikulosikopu, paliponse pamene pali loko pamaoneka. Njira zotere zinathandiza kusonyeza kuti loko wa TSH sali pakhosi pokha. Alinso m'mafuta ndi m'minofu ya kuseri kwa diso. Pamenepo m'pamene maso otong'oka aja, amene Parry anawaona mu 1786, anayamba kumveka: ma antibody omwewo amakatupitsa za kuseri kwa diso, diso n'kukankhidwira kunja. Ndipo ndinene pompano kuti fodya amakulitsa kwambiri vuto la masoli, choncho wodwala Graves amene amasuta ayenera kusiya.

Kupeza antibody yeniyeni ya wodwala, imodzi yokha yosasakanikirana ndi zina, kunatenga nthawi yaitali chifukwa maselo oipanga ndi osowa kwambiri m'magazi. Zinatheka mu 2003 ku Cardiff, mu labotale ya Rees Smith yemwe uja, ndipo anaitcha M22. Inachokera m'magazi a wodwala mmodzi. Mu 2007 anajambula mmene M22 imakumbatirira loko, ndipo chithunzicho chinasonyeza kuti imakhaladi pamalo a TSH. Lero makina ambiri oyezera TRAb amagwiritsa ntchito M22 yomweyo: imapikisana ndi ma antibody a wodwala, ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Kuyambira pa mbira ya Adams kufika pa M22 panapita zaka 47.

Tsopano amayi, gawo lanu ndi ili. Ma antibody a mtundu wa IgG ndi okhawo amene amadutsa pa nsengwa kupita kwa mwana. Ndi dongosolo labwino kwambiri, chifukwa ndi mmene katemera wa kafumbata amene mumabayidwa kusikelo amatetezera khanda lisanabadwe. Koma nsengwa sisankha. Ngati mayi ali ndi ma antibody a Graves, nawonso amadutsa. Madokotala anali ataona kale makanda a amayi otere akubadwa ndi mtima wothamanga ndi maso otong'oka, kenako n'kuchira okha pakatha masabata, ndipo sankamvetsa. McKenzie ndi ena atayeza magazi a makandawa anapeza LATS ya mayi, imene inkachepa pang'onopang'ono pamene khanda likuchira. Makanda amenewa anali umboni wamphamvu kuposa mbewa iliyonse, chifukwa matenda ankabwera ndi antibody n'kuchoka nayo limodzi. Mu 1980 madokotala a ku Japan anapezanso mtundu wina, kiyi amene amalowa mu loko n'kutseka osatsegula, ndipo makanda a mayi wotero amabadwa ndi chithokomiro chogona kwa kanthawi.

Musachite mantha mopitirira. Mwa makanda 100 obadwa kwa amayi odwala Graves, ndi pakati pa mmodzi ndi asanu amene amadwala. Koma pali msampha umodzi umene mbiri imeneyi imatiphunzitsa. Opareshoni ndi ayodini wowotcha uja zimachotsa chithokomiro, sizichotsa ma antibody. Mayi amene anachitidwa opareshoni zaka zisanu zapitazo akhoza kukhala bwinobwino, wopanda chizindikiro chilichonse, chifukwa makiyi akuba aja alibe loko woti atsegule mwa iye. Mwana wa m'mimba ali ndi chithokomiro chake chatsopano, ndipo pofika pakati pa mimba timaloko take timakhala tikugwira ntchito. Choncho mayi aliyense amene anadwalapo chithokomiro choondetsa, kaya anachira, kaya chipsera cha pakhosi chinazilala, anene zimenezi tsiku loyamba la sikelo, ndipo zilembedwe m'buku la kuchipatala. Malangizo a akatswiri amati TRAb iyezedwe mimba ikangoyamba, ndipo ikapezeka yokwera ibwerezedwe pa masabata 18 mpaka 22. Kuyeza kumeneku sikuchitika pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndiye pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala ku chipatala chachikulu. Ngakhale kumene kuyezako kulibe, namwino wodziwa mbiri yanu amamvetsera mtima wa mwana mosamala, chifukwa mtima wogunda mopitirira 160 pa mphindi osatsika ndi chenjezo.

Amene mukumwa mankhwala, musasiye nokha mukazindikira kuti muli ndi pakati. Chithokomiro chothamanga chosachizidwa chimachititsa kupita padera, kubereka masiku asanakwane, BP yokwera ndi mtima kulephera. Pitani msanga kuti dokotala aone mankhwala oyenera, chifukwa m'miyezi itatu yoyamba amakonda kupereka PTU m'malo mwa carbimazole. Ayodini wowotcha saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Ndipo pa mankhwala onse awiriwa, mukatentha thupi ndi zilonda zapakhosi, imani kumwa n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, amagwetsa asilikali a m'thupi.

Chinanso chimene chimasokoneza mabanja n'chakuti matendawa amakonda kuzilala chakumapeto kwa mimba, mpaka mayi kuganiza kuti wachira, kenako n'kubwerera ndi mphamvu m'miyezi ya pambuyo pobereka, monga zinachitikira kwa mayi wa ku Bath uja. Apongozi ndi abambo a mwana, mukaona mayi wa khanda akuonda, akunjenjemera ndi kusowa tulo, musangoti ndi kutopa kwa uchembere. Kuyamwitsa kumaloledwa pa mlingo wa mankhwala umene dokotala wapereka, ndipo ndi bwino kumwa mukangomaliza kuyamwitsa.

Khanda nalonso likhoza kubadwa looneka bwino. Mankhwala a mayi amakhala atadutsa pa nsengwa limodzi ndi ma antibody, ndipo amalitchinjiriza masiku oyamba. Mankhwalawo amatha m'thupi la khanda m'masiku ochepa pamene ma antibody amatsala, ndiye zizindikiro zimatha kuonekera chakumapeto kwa sabata yoyamba kapena mu yachiwiri, mayi ali kale kunyumba. Khanda limayamwa mwaphuma koma sikelo sikwera, limalira osatonthola, limatuluka thukuta, limapuma mofulumira, limatsegula m'mimba, maso ali tong'o. Limeneli si loti mudikire tsiku la sikelo, litengereni kuchipatala ndipo muuze amene akuliona za chithokomiro cha mayi ake. Mankhwala alipo, ndipo limamwa kwa kanthawi chabe. Khandalo silipanga lokha ma antibody amenewa, choncho a mayi aja akatha m'magazi ake, nthawi zambiri pasanathe miyezi itatu, chithokomiro chake chimabwerera pa liwiro lake.